Kulemba rosita ya pawodi: yambani ndi masamu, mayina abwere pambuyo

Mwezi sutha wina asananditumizire uthenga pa WhatsApp: "Asisitala, andipatsa uinchaji, ndiye rosita ndiyambire pati?" Ena amatumiza chithunzi cha pepala lothothoka ndi labala, n'kumafunsa chifukwa chake Lachinayi la sabata yachitatu likumangotsala lopanda munthu wa naiti. Funsoli ndaliyankha pafoni, pamaliro, ngakhale pamzere wa kubanki. Lero ndalemba kamodzi, ndipo wofunsanso ndizingomulozera pano.

Ndikamba za wodi ya chipatala poti ndi kumene ndameretsera imvi. Koma woyang'anira alonda, omwetsa mafuta pafilingi kapena ogwira ntchito pamalo ogona alendo angatsate njira yomweyi, bola pakhale pamalo pamene chitseko sichitsekedwa usana ndi usiku.

Tigwirizane kaye pa mawu. Rosita ndi pepala lija lopachikidwa mu ofesi ya anamwino losonyeza amene akugwira ntchito tsiku liti, nthawi yanji. Shifiti ndi chigawo chimodzi cha ntchito: ya m'mawa, ya masana, kapena ya usiku imene tonse timangoti naiti. Ofu ndi tsiku lopuma la m'kati mwa sabata, ndipo ndi losiyana ndi tchuthi cha pachaka. Lokamu ndi pamene munthu wabwera kudzagwira shifiti yoonjezera pa nthawi yake yopuma n'kulipidwa padera.

1. Lembani zimene wodi ikufuna, dzina la munthu lisanaoneke

Tengani pepala loyera. Inchaji (woyang'anira wodi) watsopano amathamangira kulemba mayina a anthu amene ali nawo n'kuyamba kuwamwaza pa masiku ngati akufesa mpunga. Inu yambani ndi ntchito. Pa nthawi iliyonse ya tsiku pamafunika manja angati?

M'mawa ndiye pamagwa zambiri: raundi ya adokotala, mankhwala, kutsuka mabala, kutulutsa odwala, kukonzekeretsa opita ku thiyeta kukachitidwa opaleshoni. Lolemba silifanana ndi Lachinayi, chifukwa amene anapirira matenda kunyumba Loweruka ndi Lamulungu amafika onse Lolemba. Wodi ya ana mu Febuluwale, malungo ali pachimake ndi mvula, si wodi yomweyo ya mu Ogasiti. Choncho musalembe nambala imodzi ya chaka chonse. Pa shifiti iliyonse lembani manambala awiri: anthu oyenera kuti ntchito iyende bwino, ndi anthu ochepetsetsa amene mukatsika pamenepo ndiye kuti mukuika moyo wa wodwala pachiswe. Nambala yachiwiriyo muilembe ndi inki yofiira, mudzaifuna tsiku la mkangano.

Kenako funsani kuti manjawo ndi otani. "Anthu 2 usiku" sizinena kanthu ngati onse awiri anayamba ntchito mwezi watha. Kumateniti shifiti iliyonse ikhale ndi mzamba woti mwana akabadwa osalira sanjenjemera. Pakhale wina wosunga makiyi a kabati ya mankhwala. Ophunzira a kukoleji musawawerengere pa nambala, ngakhale atakhala akhama chotani. Anabwera kudzaphunzira, ndipo tsiku limene sukulu yawaitana amanyamuka onse pamodzi.

2. Werengani masiku amene munthu mmodzi amapezekadi

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, ndiye khalani pansi ndi kakyuleta ya pafoni.

Sabata ili ndi maola 168. Lamulo lathu la ntchito, Employment Act ya mu 2000, likuti maola a ntchito a pasabata asapitirire 48, kupatula ovataimu. Gawani 168 ndi 48, mupeza 3 ndi theka. Ndiye kuti malo amodzi okha, oti pazikhala munthu mmodzi usana ndi usiku, amadya anthu 3 ndi theka, ndipo apa n'kuti palibe amene wadwala, palibe wapita kutchuthi, palibe wafedwa. Amene amati "mashifiti ndi atatu, ndiye anthu atatu akwana" amayamba kulakwitsa pamenepo.

Tsopano tiwerenge za munthu weniweni, wa magazi, wokhala ndi ana ndi achibale kumudzi.

Chaka chili ndi masiku 365. Tiyerekeze kuti anthu anu amagwira masiku 5 pa sabata, maola 8 pa tsiku. Maofu awo pachaka ndi 104, kutsala 261. Lamulo lomwe lija limapereka tchuthi cha pachaka cha masiku a ntchito osachepera 15 kwa wogwira masiku 5 pa sabata, ndi 18 kwa wogwira masiku 6. Chotsani 15, kutsala 246. Ngati pantchito panu tchuthi n'chotalikirapo kuposa pamenepa, ikani nambala yanuyo. Maholide a boma pakalendala yathu alipo 12, ndipo ngati wogwira pa holide mumamubwezera tsiku, amenewonso achoke: kutsala 234.

Chatsala n'chimene sichilembedwa pa kontirakiti: matenda, maliro, mwana kugonekedwa, mawekishopu, misonkhano ya kwa DHO (mkulu wa zaumoyo m'boma lanu). Nambala imeneyi musaiganizire m'mutu. Pitani mukatulutse marosita a chaka chatha m'kabati, muwerenge masiku onse amene munthu analembedwa koma sanabwere, mugawe ndi chiwerengero cha anthu. Pa chitsanzo chathuchi ndiika 12, koma yanu ikhoza kuposa pamenepo kutalitali. Kutsala 222.

Munthu amene mumamuona ngati wa chaka chathunthu amapezeka masiku 222. Shifiti imodzi yofunika tsiku ndi tsiku imafuna masiku 365. Gawani 365 ndi 222: mupeza 1.64. Kuchulukitsa ndi mashifiti atatu, 4.93. Anthu 5 pa malo amodzi. Akakhala ogwira masiku 6 pa sabata masamu ake ndi awa: 365 kuchotsa 52, kuchotsa 18, kuchotsa 12, kuchotsanso 12, kutsala 271, ndipo malo amodzi amafuna anthu 4 ndi kachidutswa.

Bwererani ku pepala la pa nambala 1 lija. Tinene kuti munalemba anthu 3 m'mawa, 2 masana, 2 usiku. Amenewo ndi mashifiti 7 pa tsiku, 2,555 pa chaka. Kugawa ndi 222 mupeza 11 ndi theka, ndipo poti theka la namwino kulibe, mukufunika anthu 12. Ngati muli ndi 9, onse pamodzi angakwanitse mashifiti 1,998. Otsala 557 alibe mwini. Pa sabata ndi pafupifupi mashifiti 11 opanda munthu, ndipo palibe luso la kalembedwe limene lingawatseke.

Ine ndinakhala chaka chathunthu pa chipatala china cha mishoni ndikudziona ngati mbuli pa nkhani imeneyi. Mwezi uliwonse ndinkagona 12 koloko ndi pensulo, kufufuta apa, kusuntha apo, dzenje n'kukatulukira pena, ngati munthu wofunda bulangete lalifupi: ukakoka kumutu, mapazi ali pamtetete. Anzanga ankati ndili ndi tsankho, akuluakulu ankati sindidziwa kupanga pulani. Tsiku limene ndinachita masamuwa kumbuyo kwa fomu yotha ntchito ndi limene ndinazindikira kuti vuto silinali m'dzanja langa. Bulangete ndiye linali lalifupi.

Mwina mukuti, "Ifetu kwathu kuno mashifiti ndi awiri okha, usana ndi naiti yaitali." Masamu sasintha, kungoti muwerenge maola m'malo mwa masiku. Masiku 222 a maola 8 ndi maola 1,776 pa chaka. Naiti yoyamba 4:30 madzulo kufika 7:30 m'mawa ndi maola 15, pa chaka 5,475. Malo amodzi a naiti okhawo adya kale anthu 3 n'kupitirira pang'ono. Kutalikitsa shifiti sikubala anthu, kumangobisa kuperewera kwawo m'matupi a omwewo. Ndipo manaiti otere atatu okha ndi maola 45, sabata ya munthu yatha. Kachitidwe kaja ka manaiti 7 otsatizana kenako kupuma masiku 7 kamaoneka ngati chilungamo, koma ndi maola 105 pa masabata awiri, 52 ndi theka pa sabata, ndipo munthu wa pa naiti yachisanu ndi chimodzi musamukhulupirire ndi dozi ya mwana wakhanda.

Zinthu ziwiri zimene zimaiwalika pa masamuwa. Choyamba, kupatsirana ripoti: ngati otuluka ndi olowa amakhala limodzi mphindi 30 katatu pa tsiku, pa chaka ndi maola oposa 540 pa malo amodzi. Chachiwiri, uchembere. Lamulo limapereka masabata osachepera 8 a malipiro onse kamodzi pa zaka zitatu, malo ena amapereka miyezi itatu, ndipo kuchokera mu 2021 abambonso ali ndi masabata awiri. Pa wodi yodzaza ndi amayi achitsikana, chaka chopanda wopita kuuchembere n'chosowa. Chabwino chake n'chakuti mimba imadziwika miyezi ingapo isanafike nthawi, ndiye ikakudzidzimutsani mlandu ndi wanu.

3. Masamu akakana, musabise dzenje

Mukapeza kuti anthu ndi operewera, njira zilipo zinayi basi: kulemba anthu ena ntchito, kulipira lokamu kapena ovataimu, kubwereka munthu kuwodi ina, kapena kutsitsa nambala ya anthu pa mashifiti ena mpaka pa nambala yofiira ija. Zonsezi sizili m'manja mwa inchaji yekha. Lembani kalata kwa a metironi (mkulu wa anamwino pachipatala) kapena kwa eni ntchito, tsamba limodzi, masamu onse aonekere, mufunse kuti asankhe njira iti. Sungani kope yanu. Kudandaula kuti "tachepa" aliyense anakumva mpaka kunatopetsa, koma "mashifiti 11 pa sabata alibe munthu, nayi nambala" kumafuna yankho.

Akasankha ovataimu, adziwe mtengo wake. Lamulo limaigawa patatu: ya pa tsiku wamba la ntchito imalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ya pa tsiku la ofu ndi kawiri, ya pa holide ndi kawirinso.

Pali njira yachisanu imene tonse tinaigwiritsapo ntchito, ndipo ndi yoipa kuposa zonse: kudya maofu a anthu mwakachetechete n'kumati "ndidzakubwezerani". Ngongole ya maofu imakula ngati katapila. Pofika Okutobala aliyense ali ndi masiku khumi amene simunamubwezere, onse akuwafuna mu Disembala.

4. Lembani malire anu pamwamba pa pepala

Awa ndi malamulo amene simudzawaphwanya ngakhale wopempha atalira misozi. Awiri ndi a boma: maola 48 pa sabata, komanso munthu asagwire masiku oposa 6 otsatizana osapuma maola 24 athunthu. Chenjerani ndi malo olumikizira miyezi. Munthu amene watseka mwezi ndi masiku 4 otsatizana n'kuyamba wina ndi masiku 5 wagwira masiku 9, koma pa mapepala awiri osiyana palibe amaona. Polemba rosita yatsopano, yakaleyo ikhale pambali panu. Lamulo lomwelo lili ndi gawo la malire a maola a tsiku limodzi, ndipo muliwerenge nokha pamodzi ndi zimene zili mu kontirakiti ya anthu anu musanakhazikitse kutalika kwa shifiti.

Enawa ndi a nzeru za ntchito. Pakati pa shifiti ndi inzake pakhale maola osachepera 11. Anzathu amene anapita kukagwira ku Britain amaidziwa nambala imeneyi chifukwa kumeneko ili m'lamulo. Wotuluka 10 koloko usiku n'kulowanso 6 koloko m'mawa ali ndi maola 8 okha, ndipo m'menemo muli ulendo wa kabaza, kuphika, kusamba ndi kusita yunifolomu. Mashifiti azizungulira motsata dzuwa, m'mawa kenako masana kenako usiku, chifukwa thupi limavomera msanga kugona mochedwerako kusiyana ndi kulikakamiza kugona molawirira. Manaiti otsatizana asapitirire 4.

Ndipo ichi chimvetseni: tsiku limene munthu watuluka naiti si ofu. Wagwira kale maola 6 kapena 7 a tsikulo, otsalawo ndi a tulo. Mukamulembera ofu imodzi yokha pambuyo pa naiti n'kumuika m'mawa tsiku lotsatira, simunamupatse kanthu. Pambuyo pa manaiti pazibwera masiku awiri.

5. Ikani kaye zimene sizisuntha

Musanagawe shifiti ngakhale imodzi, lembani pa rosita matchuthi ovomerezeka, uchembere, sukulu, ndi maholide: 1 ndi 15 Januwale, 3 Malichi, Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Pasaka, 1 ndi 14 Meyi, Eid, 6 Julayi, 15 Okutobala, 25 ndi 26 Disembala. Tsiku la Eid limadikira kuoneka kwa mwezi, ndiye siyani mpata wa masiku awiri. Za tchuthi cha pachaka gwirizanani mu Januwale, ndipo pa wodi ya anthu 12 asachoke oposa mmodzi kapena awiri nthawi imodzi. Mukalekerera, aliyense amafuna Disembala, pomwe enanso amafuna nthawi yodzala ndi yokolola.

Pakhale buku la zopempha lokhala ndi tsiku lotsekera, tinene pa 15 mwezi uliwonse. Chopempha cha pakhonde, cha kutchalitchi kapena cha pafoni usiku sichiwerengedwa. Pachikuto lembanipo kuti kupempha si kupatsidwa.

Zipembedzo musazione ngati mtolo. Wa Seventh Day amafuna kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa, koma Lamulungu amagwira mosanyinyirika. Msilamu amafuna Lachisanu masana ndi Eid, ndipo Khirisimasi angakugwirireni. Wodi yosakanikirana bwino imatseka yokha mawikendi ake. Chofunika n'chakuti wopatsidwa Loweruka lililonse adziwe poyera kuti akubweza ndi ma Lamulungu, anzake aziona.

6. Dzazani zovuta poyamba, ndipo gwiritsani ntchito mizere yozungulira

Gwirani pensulo. Yambani ndi manaiti, kenako mawikendi ndi maholide, kenako masana. M'mawa wa pakati pa sabata ubwere pomaliza chifukwa umenewo sukanidwa. Mukayamba ndi zofewa mudzafika pa naiti ya Loweruka aliyense atakwanitsa kale maola ake. Pa shifiti iliyonse ikani kaye munthu wodziwa uja, ena azidzaza pambali pake.

Kuti musamayambe pachabe mwezi ndi mwezi, pangani mizere yokhazikika yoti anthu azitsika mzere umodzi sabata iliyonse. Nachi chitsanzo cha malo amodzi a mashifiti atatu a maola 8. M ndi m'mawa, S masana, U usiku, O ofu, kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu.

Mzere 1: U U U U O O M
Mzere 2: M M S O S S S
Mzere 3: S S O S U U U
Mzere 4: O O M M M M O
Mzere 5: wogwirizira

Werengani chotsika, muona kuti tsiku lililonse lili ndi M mmodzi, S mmodzi, U mmodzi. Werengani chopingasa kuchoka mzere wina kulowa wotsatira, palibe wopitirira masiku 5 otsatizana, palibe sabata yoposa maola 48, ndipo manaiti onse akutsatidwa ndi masiku awiri. Malo akakhala awiri, mizere ikhale iwiriiwiri.

Kasakaniza kameneka kali ndi chilema chake, sindikubisirani: m'mizere inayi yoyambayo mulibe wikendi yathunthu. Ndi zimene anthu 4 angakwanitse, osaposa apo. Mzere 5 ndi umene umapulumutsa. Amene ali pamenepo amalowa mu mzere wa mnzake amene ali patchuthi kapena wadwala, ndipo sabata imene palibe wachoka amathandiza m'mawa Lolemba mpaka Lachisanu n'kupuma Loweruka ndi Lamulungu. Polowa mu mzere wa wina muonenso malire aja, makamaka ngati akuchokera kapena kupita ku naiti. Akuluakulu akaona mzere 5 amati pali munthu wongokhala, tiyeni timutumize ku OPD, kumene amathandizira odwala osagonekedwa. Kanani, ndipo pokana atulutsireni masamu a pa nambala 2.

Shifiti yotuluka 10 koloko usiku ili ndi funso lake: munthuyo apita bwanji kwawo? Maminibasi nthawi imeneyo anasiya kale kuyenda m'madera ambiri. Ngati palibe galimoto ya pantchito kapena chipinda chogona, sunthani nthawi yosinthana ikhale kukadali kowala, kapena kambiranani ndi anthu anu musanakhazikitse. Rosita yokongola papepala imene ikuyendetsa mayi yekha mumdima ndi foni m'chikwama si yabwino.

7. Sungani buku la chilungamo

Mikangano yambiri ya rosita si ya mwezi uno. Ndi ya Khirisimasi ya chaka chatha. Gulani kope la sukulu, tsamba limodzi chaka chimodzi, mayina chotsika, ndipo chopingasa mulembe manaiti, ma Loweruka, ma Lamulungu, maholide, malokamu, mawekishopu, ndi kangati munthu anaitanidwa mwadzidzidzi ali pa ofu. Mwezi ukatha onkhetsani, ndipo bukulo likhale poti aliyense angalitsegule.

Mawekishopu ndi malokamu ndawaika dala. Pawodi sitigawana zowawa zokha, timagawananso zokoma, ndipo wekishopu ya ku Mponela kapena ku Liwonde yokhala ndi alawansi imadanitsa anthu kuposa naiti. Ngati amene amapita ndi omwewomwewo pamene otsala akugwira mashifiti awo, rosita yanu ngakhale italembedwa ndi mngelo idzatchedwa ya tsankho. Lokamunso ili ndi msampha wake: pamakhala mmodzi wa ngongole zambiri amene amavomera iliyonse. Maola a lokamu awerengereni pamodzi ndi enawo, thupi lake ndi limodzi lomwelo.

Mzere wa oitanidwa mwadzidzidzi udzakuchititsani manyazi. Mudzapeza kuti ndi anthu awiri: wokhala m'nyumba za pachipatala, ndi wofatsa amene sadziwa kukana. Wosakwatiwa nayenso amasenzetsedwa mawikendi pomuuza kuti "inu mulibe banja", ngati kuti alibe moyo. Inunso inchaji dzina lanu likhalemo m'bukumo. Wolemba rosita amene sanagwirepo naiti ya pa 31 Disembala anthu amamumvera ndi khutu limodzi.

8. Onani kawiri, pachikani msanga

Werengani chotsika tsiku ndi tsiku: nambala yakwana, wodziwa alipo? Werengani chopingasa munthu ndi munthu: maola, masiku otsatizana, S yotsatidwa ndi M. Kenako mupatse mnzanu mmodzi wa maso akuthwa aione, chifukwa diso la wolemba limaona zimene amafuna kulemba. Mukatero ilembeni ndi inki, isainidwe, ipachikidwe kutatsala masabata awiri mwezi usanayambe. Anthu ali ndi ana ofuna owasiyira ndi maukwati ofuna kusonkhera.

Jambulani chithunzi muike pagulu la WhatsApp la wodi, koma nenani momveka kuti yeniyeni ndi ya pakhoma. Excel ndi yabwino kwa amene ali ndi kompyuta chifukwa imaonkhetsa yokha maola, koma musindikize ndithu, magetsi athu mukuwadziwa. Gwirizananinso kuti naiti imalembedwa pa tsiku limene ikuyamba. Zikumveka zachibwana, koma ndinaonapo wodi itagona ndi namwino mmodzi chifukwa mnzake ankati "naiti ya pa 1" ndi imene imatha pa 1 m'mawa.

9. Kusinthana ndi zogwa mwadzidzidzi

Kusinthana kuloleni, apo ayi azichita mobisa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: wofuna kusintha apeze yekha womugwirira wa luso lofanana, onse awiri asaine m'buku, inu muone malire aja n'kuvomereza, kenako mukonze pakhoma ndi inki ya mtundu wina. Akasainirana, shifitiyo ndi ya wolandirayo, ndipo akapanda kubwera wojomba ndi iyeyo. Mzamba sasinthana ndi amene si mzamba, ngakhale atakhala apachibale.

Maliro sapangana tsiku, ndipo munthu wofedwa simumufunsa za rosita. Chimene mungachite n'kukonzeratu ndondomeko ya kuitana, yolembedwa, yoti ngakhale inu muli kumudzi wotsala aitsate. Woyamba ndi wa pa mzere 5. Akakhala kuti walowa kale pena, funsani kuwodi yoyandikana. Zikakanika, lokamu, kuyambira amene ali ndi maola ochepa mwezi umenewo. Kuitana wa pa ofu kubwere pomaliza, motsata buku la chilungamo, ndipo tsiku lomubwezera lilembedwe pa rosita nthawi yomweyo foni isanadulidwe. Wotuluka naiti asaitanidwe konse. Zonsezi zikalephera ndipo mwatsika pansi pa nambala yofiira, imbirani a metironi nthawi yomweyo ndipo mulembe mu ripoti ola limene mwaimba.

Pakagwa chachikulu, ngati kolera ya mu 2022 ndi 2023 imene inatengera anamwino ambiri kumatenti, rosita ya mwezi iikeni pambali muzilemba ya sabata imodziimodzi, koma buku la chilungamo musaliimitse, chifukwa mliri ukatha anthu adzafunsa masiku awo.

Mwezi ukatha musang'ambe pepala la pakhoma lija, ngakhale litadetsedwa ndi inki zamitundumitundu. Lembani pakona pake masiku amene anthu sanabwere, malokamu amene munalipira, ndi mashifiti amene anayenda ndi nambala yofiira, kenako muliike mu fayilo. Januwale akubwerayu, pochitanso masamu a pa nambala 2, m'malo mwa 12 wanga uja mudzaika nambala yochokera m'fayilo imeneyo.